Kiyi wa shopu ndakana kubweza

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo. Mng'ono wanga Temwa wabereka mwana wamkazi mwezi wathawu, wonenepa, mphuno yake ndi yanu yeniyeni. Chimanga ku Manyamula chachita bwino kumunda wakumtunda, koma wakudambo madzi anakhalitsamo, tangokololamo pang'ono. Adada mwendo uja ukuwavutabe, ndipo mankhwala amamwa tsiku lomwe afuna okha.

Ndachedwa kukulemberani chifukwa mtima sunali m'malo. Nkhani yake ndi ya Fumbi.

Munatisiya ndikusokabe makava a mipando ya galimoto pakhonde la sitolo ya eni, ndi makina anu aja. Mukukumbuka tsiku lomwe ndinabwera ndikulira kuti madalaivala a padepoti akundiseka, akuti mkazi angadziwe chiyani za galimoto? Inu simunasiye kusankha nyemba. Munangoti, "Fumbi ndiwe mwini, mwanawe. Palibe adzakuvinire." Dzina ndinalitenga pamenepo. Lero ndili ndi shopu yangayanga pa boma. Timasoka makava, timakuta ziwongolero ndi chikopa, timapanga masitika, zipewa ndi matisheti. Malole a matabwa amatsika ku Chikangawa dzina la Fumbi lili pagalasi. Anyamata a njinga zamoto ku Euthini chipewa changa amapita nacho ndi ku ukwati komwe.

Vuto labwera ndi achimwene anga, a Wongani. Ntchito itawathera ku Joni anabwerako ndi kagalimoto kofiira, alibe chochita. Ndinawamvera chisoni, ndinati azikhala pashopu kulandira makasitomala. Posakhalitsa anthu anayamba kumati "kwa a Wongani", iwo osatsutsa. Bambo wina wa sitolo ya zida za galimoto ku Mzuzu anabwera kudzafuna katundu wathu. Anandipeza pamakina n'kundifunsa kuti, "Abwana alipo?" Achimwene anadzuka pampando, kumugwira dzanja, kupita naye kokamwa zoziziritsa kukhosi. Ine ndinatsala ndi ulusi kukamwa.

Zimenezo ndikanapirira. Koma ndili kumudzi kokolola, anaitanitsa masitika otchipa kwa mnzawo wa ku Joni, olembedwa dzina langa, n'kugulitsa kwa madalaivala a matabwa. Nkhungu ndi mvula yamawawa ya ku Chikangawa mukuidziwa. Utoto unasuluka msangamsanga, masitikawo n'kumafunduka ngati njoka. Dalaivala wina wachikulire, yemwe anali woyamba kundikhulupirira, anaimika lole pakhomo pa shopu injini ikulira, nati, "Mama, mbwenu mwayamba kutipusitsa?" Sanatsike n'komwe.

Ndinakwera basi ndi thumba la masitika abwino. Ndinayenda lole ndi lole komwe amacheka matabwa, kupala oipawo ndi lezala, zala zitauma ndi kuzizira, kupepesa mlandu womwe sindinapalamule. Ena anandilola kumata atsopano. Ena anati galasi lingokhala choncho, atopa nazo. Nditabwerako ndinawalanda achimwene kiyi wa shopu pamaso pa atsikana anga osoka. Mawu amene ndinalankhula sindikulemberani, mukanandigwira pakamwa.

Ndiye Lamlungu lapitali anandiitanitsa kumudzi. Abambo aakulu, azakhali, onse anasonkhana pakhonde pa adada. Akuti ndachititsa manyazi mwana wamwamuna wa pakhomo. Akuti bizinesi ya galimoto imafuna nkhope ya mwamuna, ine ndizisoka kumbuyo, poti tsiku lina ndidzakwatiwa n'kupita nalo dzinalo kwa eni. Ndinafunsa kuti nkhope imeneyo inali kuti pamene mvula inkandipeza pakhonde lija, ndikuphimba makina ndi chitenje changa. Adada anangowerama, kumakanda dothi ndi ndodo yawo. Apo ndiye ndinakusowani chomene, Amayi. Inu simunkakweza mawu pagulu, koma munkadziwa kutsokomola kamodzi kokha, adada n'kukumbuka kuti ali ndi pakamwa.

Anagamula kuti ndipepese ndi nkhuku, ndibwezenso kiyi. Nkhuku ndapereka, chifukwa mawu anga analidi akuthwa ndipo iwo ndi aakulu kwa ine. Kiyi ndakana. Tsopano achimwene sandilankhula, tikakumana pamsika amayang'ana tomato. Azakhali auza Temwa kuti pa ubatizo khandalo ndisalinyamule, linyamulidwe ndi wina wakumva. Temwa anandiuza akulira. Chimenechi chandipweteka kuposa zonse, poti kadiresi kake ndinali nditasoka kale.

Munkakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiwola. Sindikutsutsa. Koma simunandiuze kuti fupa lomwelo limathanso kuima pakhosi, osamezeka, osalavulika.

Ndikulonjezeni ichi, Amayi. Achimwene sadzagona ndi njala ine ndili moyo, ndipo akafuna ntchito ndidzawaphunzitsa kudula nsalu monga ndimaphunzitsira aliyense. Shopu yokha sindipereka. Ku ubatizo ndipita, ndikakhala benchi yakumbuyo, ndikaimba nawo nyimbo zonse. Tikatuluka, ena akamapita kokadya, ine ndidzadzera kumanda kwanu ndi khasu kudzalambula udzu, ndikuuzeni mmene zayendera.

Ndine mwana wanu wokukondani, wouma mutu ngati kale,

Lusungu