Ndatenga Foni Yanu

Bambo,

Pepani, ndachoka muli m'bafa. Mkamwini walemba kuti mwana wathu amulowetsa ku opareshoni, khanda lakhala mopingasa m'mimba. Ndisanayankhe, intaneti yaulere ija yaduka, paja kuno imafika mwa apo ndi apo. Ndathamangira pa siteji ya basi pomwe imagwira bwino. Amapereka ola limodzi pa foni iliyonse, ndiye ndatenga ndi yanu yomwe. Musavutike kuifunafuna, ili m'chikwama changa.

Za mwendo wangawu musade nkhawa, osoka nsapato aja amandibwereka kampando. Zimitsani mbaula, mankhwala anu ali patebulo. Musananditsatire, gwadani kaye mumupempherere mwana wathu. Ine mawu andithera, ndikungoti "Ambuye."

Ine mkazi wanu