Chipewa cha nyale ya pabwalo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi bondo lija likuwapeza bwanji? Ine kuno ndili bwino, ntchito ya kubekale ikuyenda.

Matenda anga aja ojambula nyenyezi sanathe. Vuto ndi kuwala kwa magetsi. Kuno kutauni thambo limachita mbuu ngati madzi ochapira, moti ndikakwera padenga la nyumba ya lendiyi, kamera imangotola kuwala kwa mumsewu. Choncho ndinapita kusitolo kukafuna fyuluta, kagalasi koika pa kamera kuti kazisefa kuwala.

Wogulitsayo, bambo wosapupuluma, anandionetsa tiwiri. Anati kosefa pang'ono kankathandiza kale nyale za mumsewu zili zachikasu, koma zoyera zamakonozi zimadutsamo. Kosefa kwambiri kamangolola kuwala kofiira kochokera ku mitambo ya mpweya yomwe ili pakati pa nyenyezi, kungoti chithunzi chimodzi umadikira mpaka msana kuwawa. Ndinatenga kachiwiriko. Mitambo yofiirayo ikutuluka bwino ndithu, ngakhale mayi eni nyumba akuganiza kuti ndimasuzumira anthu m'mawindo.

Nditafunsa za mlalang'amba, uja tinkauona titagona chagada pabwalo, bamboyo anapukusa mutu. Anati kuwala kwake n'kosakanikirana ngati kwa nyalezo, ndiye kagalasi kakatsekereza nyale kamautsekerezanso. Mankhwala ake ndi mdima weniweni basi. Ndinamuyankha monyada kuti mdima ndili nawo kwathu, ndikajambula patchuthi.

Sabata yomweyo ndinalandira uthenga wanu woti magetsi afika kumudziko, ndipo mukufuna kuika nyale yaikulu pabwalo, yosazima mpaka kucha, poti amayi anapunthwa pakhonde. Zinandiwawa, ndisaname. Koma ikani. Nyenyezi zilibe bondo loti n'kuthyoka.

Pempho langa ndi limodzi. Nyaleyo muiveke chipewa cha lata kuti iziwalira pansi pomwe amayi amaponda, osati kumwamba komwe kulibe woyendako. Mukaona kuti chipewacho chikusiya mdima pamasitepe, chichotseni osandifunsa.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, azakhali ndi ana onse. Muwauze amayi kuti ndikubwera ndithu. Kagalasi kaja ndinkati ndikasiya kuno m'kabati, poti kwathu sikadzafunika. Dzulo ndakalongedza m'chikwama cha ulendo.

Ndine mng'ono wanu uja mumamuti
Kadzidzi