Jaffa Walowa M'chipatala, Kwatsala Inu

Adelaide, 14 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino kufamuko pamodzi ndi Mayi. Nanga chiunocho chikuti bwanji? Musavutike kundinamiza, achimwene a Lachlan andiuza kale kuti pometa nkhosa chaka chino munangokhala pampando n'kumalalatira anthu, ndipo pokwera galimoto akumachita kukukwezani. Ine kuno ndili bwino, ntchito ya kulaibulale ikuyenda.

Ndikukumbutseni mawu anu a pa Khirisimasi paja. Titakukakamizani za opaleshoni ya chiunocho, munaloza galu wanga Jaffa ali gone pakhonde, n'kunena kuti tsiku limene galu wachabechabe ameneyo adzaloledwe kulowa m'chipatala, inunso mudzalowa. Munaseka mpaka kutsamwa. Azakhali a Merle analipo, ndipo mukuwadziwa, saiwala kanthu.

Bambo, Jaffa walowa. Ali ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi chake, komanso kansalu kobiriwira ka m'khosi.

Sindikubisirani, poyamba tinachita manyazi. Mayeso a m'Malichi tinalephera moonetsa. Bungwe loyesa agalu ochezera odwala linaitana agogo anayi oyenda ndi ndodo kuti azingoyendayenda m'holo. Jaffa atawaona, magazi a kufamu anamudzukira. Anatsitsa mutu, kuwazungulira, n'kuwakusira onse pakona ngati nkhosa zopita kodibi. Agogo amodzi anafunsa ngati tiwametanso ubweya. Oyesawo, Mayi Petrakis, anapukuta misozi ya phwete n'kundiuza kuti galu ngwanzeru, koma chipatala si khola. Ndinalira njira yonse yobwerera kunyumba, mwiniwakeyo akugwedeza mchira ngati wagwira ntchito yotamandika.

Vuto linali lakuti Jaffa amaima ndi likhweru basi, ndipo m'wodi sungaimbe likhweru. Ndinayesa mawu, ndinayesa tizidutswa ta chiwindi, osatheka. Kenako ndinakumbukira inu. Mphepo ikamawomba kwambiri kubusa, likhweru osamveka, munkavula chipewa n'kuchitsitsa pang'onopang'ono mpaka pabondo, agalu onse n'kugona pansi. Ndinayesa ndi chipewa changa kupaki, Jaffa anagona nthawi yomweyo. Patapita milungu isanu chipewa ndinachisiya, dzanja lokha linakwanira. Ndiye musamati galuyu simunamuphunzitse kanthu.

Mayeso achiwiri anali mwezi watha. Anamugwetsera thireyi yachitsulo kumbuyo, sanadzidzimuke. Anamuikira soseji pansi, anaidutsa, ngakhale anaiyang'ana mwachisoni. Agogo aja anabweranso. Jaffa atangotsitsa mutu, ine ndinatsitsa dzanja, iye gone. Mayi Petrakis anati sanaonepo galu wa nkhosa womvera chonchi, ndipo anafunsa amene anamulera. Ndinatchula dzina lanu.

Tsopano timapita Loweruka lililonse ku wodi ya mafupa. Kumeneko kuli a Clarrie, bambo a zaka 79, amene anameta nkhosa moyo wawo wonse. Anawachita opaleshoni yomwe mukuithawa inuyo, ndipo kwa masiku anayi anakana kudzuka pabedi. Anamwino anawanyengerera mpaka kutopa. Ataona Jaffa anandifunsa kuti galu wantchito akutani muno atavala kansalu ngati mwana wa sukulu. Ndinawauza kuti bambo anga anamuchotsa ntchito chifukwa ankasiya gulu lonse n'kumatsalira m'mbuyo ndi nkhosa yotsimphina. Iwo anati, "Bambo akowo maso alibe. Tabwera naye kuno, yotsimphinayo ndi ineyo."

Anadzuka, Bambo. Anagwira chitsulo choyendera, Jaffa n'kukhala pambali pa mwendo wodwalawo. Iwo akaponda kamodzi, iye kamodzi. Akaima, iye kuima, n'kuwayang'ana kumaso. Anafika mpaka pawindo la kumapeto kwa khonde, akutukwana njira yonse, anamwino akuomba m'manja. Dzulo anayenda kawiri. Akuti ndikuuzeni kuti ululu wake sufika pa kupondedwa ndi nkhosa yamphongo, ndiye musiye mantha. Mawu akuti mantha ndi awo, si anga.

Khalidwe lomwe munamukanira lija ndi limene akumufunira kuno. Ndimanyada naye kwambiri moti anzanga kuntchito atopa nazo nkhani zake.

Timavuto sitilephera. Lamulo ndi lakuti asambe tisanapite, ndipo kumusambitsa ndi nkhondo, ndimanyowa kuposa iyeyo. Wakumbanso maluwa a aneba kawiri, moti sakundiyankha moni.

Pempho langa ndi limodzi. Adokotala a opaleshoni yanu aja akadali ndi dzina lanu, ndipo akuti malo alipo pa 20 Novembala mukangowaimbira sabata ino. Kumeta kwatha, achimwene ayang'anira ziweto, Mayi adzagona kwanga. Chonamizira chatha. Ndimaopa, Bambo. Sindifuna kudzakuonani mutakhala pakhonde chaka chamawa, agalu akupita kubusa popanda inu. Imbani foniyo.

Mundiperekere moni kwa Mayi, muwauze kuti jamu uja anafika botolo lisanasweke. Moni kwa achimwene ndi alamu anga a Bronte, ndi kwa azakhali a Merle, amene ndawatumizira kale chithunzi cha chiphasocho kuti musadzati simunachione.

Tsiku lodzuka pabedi mudzatipeza ine ndi Jaffa tili pambali panu. Mudzayende pang'onopang'ono mmene mungafunire. Jaffa sasiya yotsalira, inu mukudziwa bwino kuposa tonse.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Narelle