Nambala 7

Lolemba, 13 Januwale 2025

Chisanu. Basi ya kuntchito ku Corby inachedwa, shifiti yonse mapazi ali zii. Tayamika wabwera ndi fomu. Chaka chatha, pomaliza digiri yake, anacheza ndi amayi khumi ndi awiri osamalira okalamba kuno ku Leicester, n'kujambula mawu awo. Mmodzi anali mayi ake, Marjorie. Tsopano magazini ya akatswiri ikufuna kusindikiza kafukufukuyo, koma Marjorie anatisiya asanasayine chilolezo. Akuti ndisayine ine, apo ayi mawu ake onse achotsedwe. "Adadi, popanda mawu a amami pepalali ndi mafupa okhaokha." Ofuna malo a digiri yachiwiri ya masitazi ndi ambiri, onse okhoza bwino. Chomusiyanitsa iye ndi pepalali. Fomu ndaiika pamwamba pa filiji.

Lachitatu, 15 Januwale

Sindinasayine. Za m'nyumba sitiyanika pabwalo, komanso womwalira sangadziyankhire. Ndinenso amene ndinkamuuza mwanayu kuti kafukufuku wosalipidwa ndi kutaya nthawi, bola akagwire ganyu patchuthi. Marjorie ankangoti, "A Bennet, musiyeni mwana alembe."

Lamulungu, 19 Januwale

Titaweruka ku tchalitchi ku Evington, Tayamika wandipatsa foni kuti ndidzimvere ndekha. Mawu a Marjorie. Kasekedwe kake kaja. Akunena za msana, za gogo wina wachizungu amene ankamuitana ndi dzina la mwana wake. Kenaka: "Ndikafika kunyumba sindinena kuti ndatopa. Abambo ajanso amakhala atatopa." Sindinkadziwa. Ndaimitsa pomwepo, ndatuluka kukaima kuseri kwa nyumba.

Lolemba, 20 Januwale

Ndasayina. Zimenezi ananena yekha, ndi pakamwa pake. Ine ndine yani kuti ndimutseke pakamwa? Dzina salemba, akuti adzangokhala nambala 7.

Lachinayi, 6 Malichi

Tayamika anakayankha mafunso a malo a masitazi ku Nottingham lero. Akuti za magiredi sanazikhudze n'komwe. Theka la ola, pepala lokhalokha: anawapeza bwanji amayiwo, anamasulira bwanji Chichewa chawo. A Dokotala Farouk, amene ankamuyang'anira pa kafukufukuyo, anamulembera kalata yabwino. Munthu wosatidziwa n'komwe. Mulungu awakumbukire. Tsopano kudikira.

Lachisanu, 11 Epulo

Amutenga! Ndi fizi yomwe alipira iwo. Anandiimbira ndili pa buleki, akukuwa m'Chingerezi, theka sindinamve. Ndinangoti zikomo, zikomo, osadziwa kuti ndikuthokoza ndani.

Madzulo wandisiyira pepala lija patebulo, losindikizidwa, dzina lake pamwamba. Chingerezi cholimba. Ndawerenga pang'onopang'ono, ndi chala. Tsamba 9, nambala 7. Mawu aja a kutopa. Pansi pake mzere wina umene sindinaumve tsiku lija: "Koma kukazizira amandidikira pa siteji ya basi atandinyamulira jekete."

Jekete lija likadali kuseri kwa chitseko.

Mawa ndipempha foni ija. Ndimvere mpaka kumapeto.