Bambo Ako Anyamula Chikwama

Mwana wanga Ravna,

Ndikhulupirira uli bwino kutauniko pamodzi ndi amuna ako ndi ana. Ine ndilipo, mawondo okhawa. Za bambo ako sindidziwa ndinene chiyani, poti pano palibe. Pafoni ndikanangolira, n'chifukwa chake ndalemba.

Ukudziwa mmene amawasekera alendo oyenda pansi aja, odutsa pamsasa wathu kumapiri kuno kudzagula nsomba zowamba. Amati ndi nkhono, nyumba kumsana. Bambo akowo amafunsa mlendo aliyense kuti wataya mphalapala zoweta zingati kuti azizunzika chonchi.

Chisiyireni ziweto m'manja mwa mlongo wako Nilas, adokotala atawaletsa chifukwa cha mtima, amangokhala pakhomo maso kunjira. Sabata yatha ndinawapeza akupuntha udzu woika m'nsapato kuti mapazi azifunda paulendo, mulu wonse. Nditafunsa, anati ndisiye kuwalondalonda ngati galu wa abusa. Kutacha, chikwama chako chakale palibe, ketulo ya khofi palibe, eni akenso palibe.

Mbiri yawo ndikuimva kwa nkhono zomwezo. Mtsikana wina anati anakumana nawo pamtsinje, anamuonetsa powolokera, kenako n'kumuseka kuti nsapato zake n'zovinira. Mwamuna wina anati anamwa nawo khofi, ndipo atawafunsa chimene akufuna m'mapirimo, anayankha kuti palibe, kukoma kwake n'komweko. Koma anatinso milomo yawo yada, ndipo pachitunda akumapuma pafupipafupi.

Palibe? Munthu amene chibadwire sanayendepo popanda chiweto patsogolo! Mutu wanga sukugwira, mwanawe.

Nilas akuti tiitane helikoputa ikawatenge. Ine ndimawadziwa bambo ako. Kuwanyamula m'mwamba ngati kamphalapala kothyoka mwendo, alendo akujambula, sadzatiyankhulanso mpaka kumanda. Komanso lero m'mawa ndaona chipale chofewa chatsopano pansonga pa phiri.

Foni ndinaigwira, n'kuibwezanso pamalo pake.

Chonde, kwera sitima upite kumpoto kumene njira ya alendoyo imathera, ukawadikire. Akatulukira usawakalipire, ungowapatsa chakudya chotentha. Likafika Lamulungu asanaoneke, helikoputayo uitane ndiwe. Langa dzanja lakana.

Mulungu akuyang'anire paulendowo. Undiperekere moni kwa akamwini ndi adzukulu anga, koma anawo usawauze kaye.

Ndine mayi ako,
Biret