Nsalu Yothowera ya Mayi Tabeth

Msonkhano wa Komiti ya Chipatala, Lachinayi, 14 Ogasiti 2025
Malo: khonde la khitchini ya osamalira odwala
Analipo: a Gerald Jailosi (wapampando), a Sisitala Millicent (namwino), Mayi Tabeth (othandiza odwala mongodzipereka), a Vitus (oimira matenanti a ku esiteti), ndi ine Greyson (mlembi)
Sanabwere: a Elias. Akuti njinga yaphwa. Imaphwera pamowa nthawi zonse.

1. Pemphero
Anatsegula Mayi Tabeth. Linatalika moti a Elias akanafika wapansi.

2. Mabala kuwodi ya amayi
A Sisitala anati amayi obereka mwa opaleshoni mabala awo akutuluka mafinya, ndipo jakisoni ndi makapisozi sizikugwira. Anatchula dzina la kachilomboko kawiri, cholembera changa chinakana. Anati kamayenda m'manja ndi m'nsalu. Stelia, mkazi wa tenanti wochokera ku Mulanje, kanamutenga Lolemba, wasiya khanda.

3. Kakufalikira pati
A Sisitala anati pali wina amathowa amayiwa ndi madzi otentha m'mawa uliwonse, nsalu imodzi yomweyo, bedi ndi bedi. Wapampando anafunsa kuti ndani. Tonse tinayang'ana nsapato zathu, ngakhale ena tilibe.

Mayi Tabeth anati, "Ndine. Ana a ku esitetiwa abale awo ali kutali. Ndikasiya ine awathowe ndani? Inu a Jailosi?"

Wapampando anakhosomola. A Vitus anati Stelia ankawatchula mayiwa kuti amama.

Mayi Tabeth anafunsa a Sisitala, "Ndiye Stelia ndamupha ndine, mwanangu?" A Sisitala anati palibe angadziwe. Mayiwo anafunsanso. Yankho linali lomwelo.

4. Zogwirizana
Odwala mabala agone chipinda chaokha. Bala azikhudza namwino yekha, atavala magolovesi. Kuthowa kwatha. Mayi Tabeth aziphikirabe amayiwa phala, koma aziyamba asamba m'manja ndi sopo. Onse anakweza manja. Mayi Tabeth anakweza pomalizira.

5. Zina ndi zina
Mlembi anali ndi nthabwala yokhudza a Elias. Waisunga.

Mayi Tabeth anatulutsa nsaluyo m'jumbo naiponya okha pamoto wa m'khitchini. Inali yonyowa, inangofuka utsi. Tinadikira.

Tidzakumananso pa 11 Seputembala. Tinatseka 4 koloko. Wapampando anapempha Mayi Tabeth atseke ndi pemphero. Anati, "Ambuye, mukudziwa." Basi.

G. Jailosi, Wapampando
Greyson, Mlembi