Eda ya Achemwali Abiba

Lolemba, 8 Januwale

Awatenga achemwali Abiba. M'mawa, mvula ikuwaza. Apolisi awiri ndi galimoto, ngati akudzagwira chigawenga cha mfuti. Nkope yense kutuluka kudzaonerera, ena mafoni m'mwamba.

Ine ndinali pamakina, ndikusoka mayunifolomu a ana asukulu. Ndinathamanga sizasi ili m'manja, osadziwa n'komwe.

Ndilembe bwinobwino kuti mutu ukhale m'malo. Mwezi wa Novembala, nyanja ili yotseka, anawagwira padoko ndi beseni la kasawala, tiana ta chambo. Anagula ku khoka la Che Sadik monga amachitira amayi onse ogula nsomba. Che Sadik nawonso anagwidwa tsiku lomwelo, pamodzi ndi maboti, makoka ndi alovi awo, anyamata okoka khoka. Koma iwo anaitanitsa loya ku Blantyre, sabata yomweyo chindapusa kulipira, nkhani kutha. Achemwali anangowapatsa belo, akuti adzabwere kukhoti mu Disembala.

Kenako alamu Atumani, amuna a achemwali, anamwalira, atangodwala pang'ono chabe. Mkazi wamasiye kwathu kuno amakhala eda: miyezi inayi ndi masiku khumi m'nyumba ya mwamuna wake, osadzola, osavala zowala, osayendayenda. Azakhali a malemu anakhala pakhomo ngati alonda, akuti phazi lisatuluke. Za kukhotizo amalume Shafi anati tiwasiyire iwo. Anapalasa njinga kukapereka uthenga wa maliro kwa wapolisi wina wa pamsewu, wapolisiyo anati pepani, tamva. Ife tinayesa zatha. Uthenga wa maliro ukaperekedwa, ndani amafunsanso?

Lero akuti anathawa belo. Kuthawa! Munthu amene ngakhale kumjigo sanapondeko.

Mwana wawo Nadia ali kwa ine. Wakana kudya.

Lachiwiri, 9 Januwale

Wailesi ya masana. Dzina lonse, zaka, mudzi, mpaka mfumu yaikulu. Akuti mayi wothawa mlandu wapezeka akubisala m'nyumba. Kumapeto kwenikweni, ngati munthu wokumbukira mchere ndiwo zitaphulidwa, akuti mlanduwu unakhudzanso mkulu wina wochita malonda. Mkulu wina! Ku Nkope kuno ndi mbuzi zomwe zikumudziwa dzina.

Pa Fesibuku chithunzi. Achemwali opanda nsapato, mpango mpaka m'mphuno, wapolisi atawagwira pamkono. Ndinawerenga ndemanga zingapo n'kuponya foni mumulu wa nsalu. Wina walemba kuti akazi a padoko tikudziwa mmene amagulira nsomba. Kunena mkazi amene dothi la pamanda a mwamuna wake silinakhazikike! Mtima wanga unawira, ndipo mpaka pano ukuwira.

Koma Mulungu sataya wake. Matilda, amene amayanika usipa pathandala loyandikana ndi la achemwali, anabwera ndi mbatata zophika. Wa kutchalitchi, mawu ngati belu, saopa munthu. Anamukhazika Nadia pakati pa miyendo n'kuyamba kumuluka, mwana mpaka kudya osazindikira. Ine anandiuza kuti, "Rahma, ngati n'kulira kalirire kuseri kwa bafa, pano pali mwana." Ndinapitadi kuseri kwa bafa.

Alhamdulillah, Mulungu atamandike, chifukwa cha Matilda.

Lachinayi, 11 Januwale

Ku Mangochi kukawaona. Minibasi yodzaza thothotho, mabeseni pamiyendo, aliyense kukamba nkhani yomweyi osadziwa kuti mng'ono wake ali pompo.

Ali pa limandi mpaka Lachinayi likubwerali. Awonda sabata isanathe. Ndinatenga mpunga ndi chitenje chakuda chosinthira. Sanafunse za mlandu, sanafunse za wailesi. Anafunsa za Nadia, kenako motsitsa mawu anati, "Kodi masiku ndikukhala kunowa akuwerengedwa, kapena ndidzayambirenso?"

Chimene akuopa si ndende ayi. Akuopa kuti akawamanga, eda ya alamu idzathera pakati pa alendo, m'nyumba ya malemu mutakhala mopanda munthu.

Pali mayi wina woyang'anira akaidi, wandithu, wa nkhope yoopsa. Ndi amene akuwapatsa madzi otawazira asanapemphere ndi kakona koswalira, amuna akamadutsa amawaimira kutsogolo. Dzina sindinamufunse. Ndamuchitira dua, Mulungu amudalitse.

Lachisanu, 12 Januwale

Shehe anabwera itatha swala ya Ijuma. Anakhala pakhonde la achemwali, azakhali a malemu pamphasa, amalume Shafi chipewa m'manja.

Anatifunsa modekha chifukwa chake sitinawafunse. Akuti chipembedzo sichiletsa wamasiye kutuluka pakakhala chofunika chenicheni, monga kuchipatala kapena kukhoti, bola abwerere kudzagona m'nyumba mwake. Azakhali maso pansi. Mmodzi anang'ung'udza kuti amayi awo sanatulukepo, shehe anayankha kuti amayi awo sanaitanidwepo ndi majisitireti.

Ndiye masiku akuwerengedwa, sadzayambiranso. Ndinatsala pang'ono kulumpha. Ndipo akuti Lachinayi apita nafe kukhoti, akanene okha.

Amalume ndinawaseka kuti ulendo wina uthenga akaupereke kwa woyendetsa sitima ya Ilala, mwina ukafika msanga. Anaseka nawo koma maso anali ofiira. Ndinasiya. Anachita zimene ankadziwa.

Loweruka, 13 Januwale

Kwabwera mtsikana wa kuwailesi ija, Ndaona. Kachikwama kumsana, nsapato zamatope. Ndinamuthamangitsa, ndinamuuza kuti dzina la achemwali mwalidya kale, mwabwerera mafupa? Sanachoke. Anakhala pamwala pafupi ndi makina anga mpaka ndinachita manyazi n'kumupatsa mpando.

Akuti nkhani ija anailemba yekha kuchokera pa zimene apolisi anapereka, ndipo dzina la Che Sadik linalimo. Akuluakulu ake analichotsa, akuti munthu wa loya sasewera naye. Ndinafunsa kuti nanga wa beseni?

Kenako anafunsa kuti eda n'chiyani. Ndi wa ku Ntcheu, sanamvepo. Ndinamufotokozera, ndinamulowetsa m'nyumba ya achemwali, anaona mphasa imene amakhalapo, mafuta odzola atawatsekera m'sutikesi. Anajambula mawu a azakhali, a amalume, ndi a Matilda amene sanafune kusiya maikolofoni.

Walonjeza kuti aulutsa nkhani yonse, koma sindikumukhulupirira kwenikweni. Koma tiyi anamwa, ndipo kapu anatsuka yekha.

Lachitatu, 17 Januwale

Nkhani ya Ndaona yatuluka. Tinamvera pakhonde la Matilda, amayi a padoko onse. Ulendo uno akuti mayi wamasiye wa ku Nkope. Mawu a amalume akufotokoza za njinga yawo. Azimayi kuimba mafoni kuchokera ku Makanjira, ku Chiponde, wina akuti nayenso sakanatuluka.

Che Sadik akadali mkulu wina. Basi, tazolowera. Koma mtsikana uja wasunga mawu ake, ndipo ndikumuthokoza ndi mtima wonse.

Nsalu za anthu zaunjikana. Mayi wa diresi la ukwati wabwera kawiri.

Lachinayi, 18 Januwale

Ali kunyumba!

Tinapita pa lole ya nsomba, amayi odzaza, fungo la usipa mpaka m'khoti. Shehe atafunsidwa ananena zoona zokhazokha: chipembedzo chinkalola, koma mwambo wa pamudzi unagwira mwamphamvu, ndipo mkazi wamasiye sangatsutse apongozi ake maliro ali chikhalire. Ndinachita mantha kuti atipachika. Majisitireti anafunsa amalume kuti uthengawo anapereka kwa ndani. Amalume anati kwa bwana wamtali wa pamsewu, wokhala ndi ndevu pang'ono. Khoti lonse kuseka, ngakhale majisitireti anabisa pakamwa ndi dzanja. Kenako anati khoti si pa siwa, uthenga wake suyenda pa njinga, ndipo mlandu suola.

Za kasawala achemwali anavomera. Chigamulo: osapita kundende, koma akasese pamsika wa pamsewu kwathu kuno kwa masabata angapo. Shehe anaimirira kupempha, majisitireti analola kuti adzayambe eda ikatha. Achemwali anangothokoza m'Chiyao, "Sikomo kwejinji," mawu osamveka n'komwe.

Ndikuthokoza. Ndikuthokozadi. Koma ndisanamize buku langa lomwe. Tisanalowe ife, panali mayi wina wogwidwa ndi matumba a makala pa njinga, mwana kumbuyo. Kumbuyo kwake pabenchi kunalibe munthu, ngakhale mmodzi. Chindapusa analibe. Miyezi isanu ndi umodzi. Anatuluka akuyang'ana gulu lathu lija, ine ndinayang'ana kumbali.

Achemwali atafika analowa m'nyumba, anakhala pamphasa yawo, Nadia pamiyendo. Azakhali anawabweretsera okha madzi osamba, osatumidwa.

Lamlungu, 18 Febuluwale

Mwezi wathunthu osalemba. Ntchito.

Che Sadik agula injini yatsopano. Tinakumana pagolosale, anandipatsa salamu bwinobwino, anafunsa kuti kunyumba kuli bwanji. Ndinayankha bwinobwino. Mulungu andikhululukire zimene ndinanena mumtima.

Achemwali akudya tsopano. Koma akuda nkhawa ndi kusesa kuja. Pamsika pamadutsa maminibasi onse a ku Monkey Bay. Akuti adzawajambulanso, tsache m'manja, ndipo Nadia akadzakula adzachipeza chithunzicho. Ndinawauza kuti anthu aiwala. Ndinanama, anthu saiwala.

Lolemba, 15 Epulo

Eda inatha Ramadhani isanathe. Pa Idi anavala diresi lobiriwira limene ndinawasokera, anadzola mafuta, ndinaona achemwali anga akale pang'ono. Lero ndiye tsiku loyamba kusesa.

Ndinawaperekeza. Njira yonse iwo mpango mpaka m'mphuno, tsache atalibisa m'chitenje ngati lakuba. Anyamata a kabaza anali atayamba kale kulozerana.

Tikufika pamsika, amayi a padoko ali kale pamenepo. Mathandala awasiya, usipa osayanika. Aliyense tsache lake, aliyense mpango mpaka m'mphuno. Ndi a kutchalitchi omwe! Matilda anamanga wake mokhotakhota, kamtanda kakulendewera pansi pake, ndinaseka mpaka misozi. Woyang'anira ntchitoyo anakanda mutu, anaitana dzina la achemwali, anawaona kuti afika, n'kunena kuti kuthandizana kusesa sanamvepo kuti n'koletsedwa.

Fumbi koboo, msika wonse. Minibasi inaima, mnyamata wina anatulutsa foni pawindo n'kufunsa kuti wamlandu uja ndi uti. Matilda osaweramuka n'komwe anati, "Tonsefe tinagulako ku khoka lomwelo, achimwene. Jambulani bwino, musasiyeko wina."

Anayang'ana uku, anayang'ana uko, foni n'kuibweza m'thumba. Pakati pa mipango yonseyo ndinamva kuseka kumene sindinakumve chimwalirire alamu. Nkhope sindinaione, koma kuseka kwa achemwali ndingakudziwe ngakhale pa anthu chikwi.

Alhamdulillah. Ndilibe mawu ena.

Pobwerera achemwali anandifunsa za mayi wa makala uja. Anagona naye chipinda chimodzi pa limandi, ankafunditsana chitenje. Akuti Loweruka tiphike mpunga tikamuone, Matilda wati apita nawo. Vuto, iwo ankangomutchula kuti mayi a mwana, ndipo ine kukhoti kuja dzina sindinalimve, maso anga anali kumbali.

Ndimuimbira Ndaona. Alidziwa ndithu, ndi mudzi womwe. Mayina a anthu ngati ife wailesi siphonya.